Mpanda wa Minga pa Kasupe

Kudali dziko lina la mapiri a miyala yokhayokha, kunsi kwake chipululu choti maso ankatopa asanaone mapeto ake. Dziko lonselo kasupe adali mmodzi, ndipo lamulo lake lidali limodzinso: kukacha, nyama zakutchire ziyambe kumwa, anthu pambuyo. Zinkhoma, tiagwape ta m'miyala, zinkatsika m'matanthwe monyang'ama, anyani ndi phokoso lawo, nkhwali, ngakhale nyalugwe. Mbira zikamwa zinkakwera pamwamba pa miyala kukalondera, ndipo zikaona choopsa zinkalira, mudzi wonse n'kubisala.

Lekeleni adali chitsirizira kwawo, kamtsikana koonda koti ngakhale pogawa ntchito ankakaiwala. Womukumbukira adali mchimwene wake Kambani, woweta mbuzi, amene likhweru lake linkamveka mpaka tsidya la chigwa. Koma Kambani adali wa mtima wapachala. Chaka china chilala chitakula, mbuzi zake ziwiri zidafa. Iye adatema minga n'kumanga mpanda kuzungulira kasupe.

"Achimwene, nanga zinkhoma zizimwa kuti?" adafunsa Lekeleni.

"Zikamwe kwawo. Ine mbuzi zanga zikutha."

Koma kwawo kwa zinkhomazo kudali komweko. Masiku atatu nyama zidabwera n'kumaima kunja kwa minga. Lachinayi zidatsikira kuchipululu kukafuna madzi, osabweranso. Idatsala ndi nungu imodzi yokalamba, yotsimphina, imene Lekeleni ankaithirira madzi m'phale mobisa.

Mbira kulibe, ndiye ndani akadachenjeza mudzi tsiku limene Kaumitsa adakwera phiri? Kaumitsayo chidali chimphona cha mitu isanu, mutu uliwonse ndi ludzu lakelake. Chidamwa kasupe mpaka kunyambita matope, n'kunyamula Kambani ngati mtolo wa nkhuni, ulendo wa kuchipululu. Amuna adachilondola ndi mikondo, koma adabwerera mawa lake milomo itang'aluka.

Anthu adayamba kukumba mumchenga kufuna timadontho. Lekeleni ankalawirira kukakhala pathanthwe, makutu ali tcheru, mwina likhweru lija limveka. Mapiri adangoti zii. Adamusowa mchimwene wake mpaka adaleka kudya.

Mmawa wina akuthira madzi m'phale, nungu ija idayankhula.

"Mwana wanga, misozi yako ikuwawitsa madzi anga. Zula munga umodzi pamsana pangapa, uwuike m'nsupa yako ya madzi. Tsata muimba uyo ukuuluka apo. Ludzu likupweteke bwanji, nsupayo usaitsekule mpaka ukafike kumene kuli mchimwene wako."

Lekeleni adayenda masiku atatu. Muimba unkauluka pamwamba pake, mthunzi wa mapiko ake n'kumamuphimba kudzuwa. Ankanyambita mame pamiyala, nsupa ili khuchukhuchu m'chiuno, iye osaikhudza.

Tsiku lachinayi adafika pakhola lalikulu la miyala. M'katimo mudali nyama zonse za kwawo, zimene Kaumitsa adazitsekera, nthiti zili pamtunda. Pakhomo padakhala Kaumitsa, mitu inayi ikuwodzera, umodzi uli maso.

"Ukufunanji, kanthu iwe?"

"Ndadzatenga achimwene anga."

Mitu yonse idadzuka ndi kuseka. "Mbale wakoyo ndidamusandutsa chinkhoma, ndipo zinkhoma zilimo makumi anayi. Umuloze. Ukalasa, mutenge. Ukaphonya, nawenso ulowa m'kholamu ndi miyendo inayi."

Lekeleni adayang'ana zinkhomazo. Zonse zidali zofanana, makutu omwewo, timaso tomweto. Adaitana dzina, palibe idacheuka. Kenaka adaona kadzenje pathanthwe la m'kholamo, nathirapo theka la madzi a m'nsupa. Zinkhoma zidathamangirapo, kukankhana, kupondana. Chimodzi chokha chidatsala kukona. Chidayang'ana madziwo, n'kuyang'ana zinzake zoondazo, n'kuzolika.

"Ndi awo," adatero Lekeleni. "Akuchita manyazi."

Kaumitsa adalibenso nazo za pangano. Fungo la madzi lidali litalowa m'mphuno zake khumi. "Bwera nayo nsupayo!" idakuwa mitu yonse pamodzi.

Lekeleni adainyamula m'mwamba. "Madzi atsala ndi okwana pakamwa pamodzi. Kwathu timadziwa woyamba kumwa. Nanga kwanu kuno amayamba ndani?"

"Ine," udatero mutu wapakati.

"Iwe unayamba dzana," udatero wakumanzere, n'kuuluma khutu.

Ndewu yake idali yoti miyala idagubuduka m'mapiri. Mitu idalumana, idakadzulana, inayi n'kulendewera yakufa. Wotsalawo udatsomphola nsupa n'kuimeza yonse. Munga wa nungu uja udakula m'khosi mwake ngati mkondo, n'kutulukira kumsana. Kaumitsa adagwa, mimba n'kuphulika, ndipo madzi onse amene adamwa adatuluka, oyera mbee, n'kuyamba kukwera phiri kubwerera kwawo. Madzi ena adatsala n'kupanga dziwe pakhomo pa khola.

Lekeleni adagumula khola, nakumbatira khosi la chinkhoma chija. "Imwani, achimwene. Chonde imwani."

Chinkhomacho sichidasunthe. Chidadikira anyani amwe, nkhwali zimwe, nyalugwe amwe, mbira zimwe, mpaka fulu amene adafika dzuwa litapendeka. Apo m'pamene chidaweramira padziwe. Chitangomeza kamodzi, ubweya udayoyoka, ndipo amene adagwada pamenepo adali Kambani, akulira ngati mwana.

Adabwerera kumudzi nyama zili pambuyo pawo mndandanda. Amayi awo adagwa pansi ndi chimwemwe, akazi adaimba nthungululu, ndipo kasupe adamutcha dzina la Lekeleni, kamtsikana kaja ankakaiwala. Kambani sadalowe n'komwe m'nyumba. Adapita kukazula mpanda uja ndi manja, minga ikumulasa, ndipo amene adabwera ndi nkhwangwa kudzamuthandiza adawabweza.

Mawa lake Lekeleni adalawirira kuthanthwe lake lija mwachizolowezi. Mbira zidali kale pamwamba pa miyala, zinkhoma zikumwa. Kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa fulu, kudaima munthu ndi mbuzi zake, manja atakulunga nsanza, akudikira nthawi yake. Kenaka likhweru lija lidamveka, n'kuwoloka chigwa.

Nthano yanga yathera pakasupe pomwepo, ndipo mukapitako kukatunga, muyambe mwadikira.