Dalaivala wa Mchenga ndi Wotchi Yake

Panali dalaivala wina wa lole amene ankatuta mchenga kumtsinje kupititsa kwa omanga nyumba m'tauni. Anali munthu wathupi, wokonda kuseka. Atayamba kumva ludzu losatha, adokotala anamupeza ndi matenda a shuga. Anamuuza kuti achepetse kudya, aziyenda pansi, thupi litsike.

Mwana wake Tiyamike, amene ankagwira ntchito ku Joni, anabwera kutchuthi ndi wotchi ya pamkono yowerenga mayendedwe a munthu. Anawaikiranso bambo akewo pulogalamu ya pafoni yolembamo chakudya. Ziwirizi zinkamvana. M'mawa foni inkapereka muyezo wa chakudya cha tsikulo, umene amautcha makalori. Wotchi ikanena kuti munthu wayenda kwambiri, foni inkawonjezera muyezowo.

Dalaivalayo sankabera. Chilichonse cholowa m'kamwa ankachilemba, ngakhale mtedza wogula panjira. Ndipo tsiku lililonse dzuwa likapendeka, wotchi inkanjenjemera pamkono kumuyamikira, foni n'kumuuza kuti akhoza kudyanso. Iye ankaimika lole pachiwaya, n'kugula tchipisi ndi nyama yokazinga, n'kutsitsira chakumwa chotsekemera. Ankadya mtima uli m'malo, poti muyezo sankapitirira.

Mkazi wake anamufunsa tsiku lina, "Bambo a Tiya, inu mumakhala pampando kuyambira m'mawa. Kuyenda kumeneku mumayenda nthawi yanji?"

"Mayi, ntchito yangayi ndi yolemetsa," anayankha. "Wotchi ikuona zimene inu simuona."

Mayiyo anadandaulira mwana wake, ndipo Tiyamike anaimba foni. "Adadi, mupulogalamumo muli pozimitsira kuti wotchi isamawonjezere chakudya. Zimitsani, muzingodya muyezo wa m'mawa uja."

Munthuyo anatsegula pulogalamu, napapeza pozimitsirapo. Chala chinaima m'malere. Anakumbukira njala ya masana ndi fungo la pachiwaya. Anabweza foni m'thumba osakhudza kanthu, ndipo pambuyo pake anangouza mwana wakeyo kuti, "Ndapaona."

Thupi silinatsike. Iye anati sikelo ya kuchipatala ndi yakalekale. Kenako nsapato inamutupula kachilonda pachala cha phazi. Kachilondako sikanapole. Anakamanga kansalu n'kumapitabe kumchenga. Pamene ankafika kuchipatala, phazi linali litada ndipo linkanunkha. Adokotala anadula mwendo m'munsi mwa bondo.

Tsiku lotuluka m'chipatala, mlamu wake anabwera ndi galimoto kudzamutenga. Anamukhazika kumbuyo pamodzi ndi mkazi wake. Msewu wopita kwawo unali wokumbikakumbika, ndipo munthuyo anagwiritsa mpando wakutsogolo kuti chilonda chisagunde. Asanafike kunyumba, wotchi inanjenjemera. Inamuyamikira kuti wayenda bwino lero. Foni nayo inalira m'thumba, kumuuza kuti akhoza kuwonjezera chakudya.

Anayang'ana wotchi. Anayang'ana buluku lopindidwa pabondo. Pamenepo m'pamene anazindikira kuti wotchi ija sinkawerenga mapazi ake ayi. Inkawerenga kugwedezeka kwa mkono pachiwongolero, lole ikamadumpha m'maenje. Zonse zimene anadya pachiwaya zija anazidyera maulendo amene sanayendepo.

"Mayi a Tiya," anatero chapansipansi, "akuti ndayenda."

Mkaziyo anatembenukira kuwindo, misozi ili chuchuchu.

Lole ija inapatsidwa kwa dalaivala wina. Mayi a Tiya anayamba kugulitsa tomato pamsewu, ndipo bamboyo ankatsala pakhonde tsiku lonse, osasekanso.

Abale anga, munthu uyu sananame pa zimene ankadya. Bodza linali mbali inayo, ya zimene ankati wagwira, ndipo sanafune kulifufuza chifukwa linkamukomera. Anauzidwa ndi mkazi wake, anauzidwa ndi mwana wake, pozimitsira anapaona ndi maso ake. Inu amene mumavala mawotchiwa, foni ikakuwonjezerani chakudya, dzifunseni kaye ngati thukuta linatulukadi. Ndipo inu amene mulibe wotchi musadzione ngati mwapulumuka. Aliyense wa ife ali ndi mawu ena okoma amene amamuuza kuti wavutika mokwanira, atengeko pang'ono. Mawu oterowo saleka kuyamikira munthu, ngakhale mwendo utapita.