Kumbuyo kwa Kameta Kunalibe Mzere

Pa bwinja lina, pamene anthu anasamuka n'kusiya makola ali chitsekukire, panatsala nkhuku zokhazokha ndi bakha mmodzi. Nkhuku zambiri zinali zofiira, ndipo zinkadzitcha eni malo chifukwa makolo awo anaswedwera pomwepo. Panalinso banja lochepa la nkhuku zopanda nthenga m'khosi, zimene zofiirazo zinkazitcha obwera, ngakhale kuti nazonso zinkaikira mazira m'zisa zomwezo kuyambira kale. Mkangano wawo unali umodzi chaka ndi chaka: ndani akhale pulezidenti wa nkhuku?

Udindowo sunali wamasewera. Pulezidenti ndiye ankanena kokadya, ndiye ankayang'ana kumwamba anzake akupalasa, ndipo kabawi akaoneka ndiye ankalira kuti anapiye athawire pobisala. Chisankho chinkachitika udzu ukayamba kuuma. Opikisana ankaima pabwalo atafulatira, nkhuku iliyonse n'kukaima kumbuyo kwa amene yamukonda, ndipo Bakha ankayenda mwachizolowezi chake, pang'onopang'ono, kuona mzere umene watalika. Motero wopikisanayo sankaona amene akumuvotera, koma anansi onse ankaona.

Chaka chimenecho opikisana anali awiri. Woyamba anali Kameta, tambala wachikulire wa khosi lopanda nthenga, amene pamsana pake panali chipsera cha zikhadabo za kabawi. Wachiwiri anali Chiyaka, tambala wofiira amene anali atangoyamba kulira mvula yapitayo, koma akalira ngakhale nkhanga za kudambo zinkasiya kudya.

Pakati pa ovota panali Nanyoni, thadzi lofiira limene linali litangoswa anapiye asanu ndi mmodzi. Iyeyu mumtima anali atasankha kale. Pamene ankafungatira mazirawo, likongwe anabwera pachisa, ndipo amene anamuthamangitsa anali Kameta, atambala ofiira atakwera mumtengo.

Pamsonkhano wa kampeni Chiyaka anakwera pamtondo wosweka, n'kutambasula mapiko kuti dzuwa liwawalire. "Abale anga, mwatopa ndi chiswe!" anatero. "Osaka mbewa akatentha tchire, ine ndidzakutengerani kulupsa. Kumeneko ziwala zimagona zowotchedwa kale, kungotola basi."

Kameta sanakwere pamtondo. "Ziwalazo ndinazidyapo, n'zokomadi," anatero. "Koma akabawi amatsata utsi, ndipo palupsa palibe ngakhale kaudzu kobisapo mwanapiye. Chipsera ichi ndinachitenga komweko. Mukandisankha tizidya chiswe pansi pa zitsamba zaminga mpaka udzu uphuke."

"Chiswenso!" inakuwa nkhuku ina kumbuyo, ndipo bwalo lonse linaseka.

Pobwerera, Nanyoni anayenda ndi mkulu wake Nankhoma, thadzi limene pakamwa pake sipankapuma. "Akalamba aja," anatero Nankhoma. "Mantha okhaokha. Mpando ukufuna wamaso akuthwa, wamiyendo yosatopa."

"Koma achemwali, a Chiyakawo kabawi anamuonapo?"

"Adzamuonera pampando pomwepo. Ntchito umaidziwa ukuigwira." Nankhoma anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu. "Komanso tangoganiza, iwe. Nkhanga za kudambo zidzabwere kudzacheza, zifunse kuti mtsogoleri wanu ndi uti, ife tiloze khosi lija? Ngati lachita kusosoledwa?"

Nanyoni anangoitana anapiye ake kuti asatsalire.

Tsiku lachisankho litafika, atambala awiri aja anaima atafulatira. Nanyoni anauyamba wolunjika kumene kunali Kameta, anapiye ali pambuyo. Atafika pakati pa bwalo anamva kuti kutetera konse kwasiya, ndipo maso onse ali pa iye.

"Mwasochera, mayi?" anafuula Nankhoma ali mumzere wa Chiyaka. "Kwathu ndi kuno!"

"Musiyeni," inatero ina. "Tidzaonera makosi a anapiye amene adzaswe chaka chamawa."

Nanyoni anaima. Anajompha pansi ngati waona kanjere, anajomphanso chakumanja, kenaka chakumanjanso, mpaka kanjere kosaonekako kanamufikitsa mumzere wa zofiira. Mumtima anati thadzi limodzi silingatalikitse mzere. Sanadziwe kuti ena angapo mumzeremo ankadzitonthoza ndi mawu omwewo.

Bakha anayenda, n'kubwerera, n'kulengeza kuti wapambana ndi Chiyaka. Kameta atatembenuka anapeza kuti kumbuyo kwake kuli mkazi wake ndi ana ake okha. Sanakwiye, anangopita kukagwadira pulezidenti watsopano. Koma mwana wake woyamba, Mpalasa, anatsala chiimire, akuyang'ana nkhope za mumzere winawo imodziimodzi.

Sipanapite nthawi, osaka mbewa anatentha tchire la kuseri kwa bwinja. Moto utazilala, Chiyaka analira, ndipo nkhuku zonse zinamutsata zikutetera. Ziwala zinalidi mbwee, zopsa bwino, ndipo anapiye a Nanyoni anadya mpaka kulephera kuthamanga. Chiyaka ankatola chiwala n'kuitana mathadzi, kutola china n'kuitananso, mutu uli pansi nthawi yonseyo.

Kameta naye anabwera, ngakhale palibe amene anamuitana. Sanadye. Anakwera pachulu n'kupendeketsa mutu, diso limodzi lili kumwamba, Mpalasa ali pambali pake akuchita chimodzimodzi.

Akabawi anatulukira mu utsi umene unali ukufukabe chakutsogolo. Kameta analira, nkhuku zinabalalika, koma zikadathawira kuti? Ponseponse panali phulusa lakuda, ndipo paphulusapo anapiye ofiira ankaoneka ngati maluwa a dzungu. Nanyoni anatambasula mapiko, koma ana ake anali atamwazikana kutsata ziwala.

Anaona akabawi akunyamula woyamba, kenaka wachiwiri, wachitatu, mpaka wachinayi. Pamene kabawi wina ankatsikira kamwana ka Nanyoni kotsiriza kuswedwa, Kameta anatsika pachulu n'kumugunda ndi chifuwa. Kabawi anataya kamwanapiye kaja n'kugwira chimene chinali pafupi, khosi lopanda nthenga lija. Kameta anayenda yekha mpaka m'mphepete mwa lupsa, anakhala pansi, ndipo sanadzukenso.

Nanyoni anabwerera kubwinja ndi anapiye awiri.

Pamaliro a Kameta panadzaza. Chiyaka analankhula nthawi yaitali, n'kunena kuti malemuwa anali mlangizi wake wapamtima. Nankhoma ndiye analira kuposa namfedwa. "Anali wodziwa!" ankatero, akudzigubuduza m'fumbi. "Anali maso athu! Tisamalidwa ndi ndani ife?" Nkhuku zimene zinaseka za chiswe zija zinkavomera kuti n'zoona, tambala ngati ameneyu sadzapezekanso.

Nanyoni anakhala chapatali osalira mokweza. Ankaopa kuti akatsegula mlomo, mawu ake afanana ndi a enawo. Mpalasa naye sanalankhule, ngakhale pamene Bakha anamupatsa mpata woti athokoze okhuza maliro.

Mvula inagwa, udzu unaphuka, unakula, n'kuyambanso kuuma. Nanyoni anali ataswanso anapiye ena. Chisankho chitayandikira, Chiyaka anati aimanso, ndipo amene anadzuka kuti apikisane naye anali Mpalasa, tsopano tambala wathunthu, khosi lake mbee ngati la atate ake.

Chiyaka anakweranso pamtondo uja. "Ine mpando ndaukhalapo," anatero. "Kabawi ndamuona ndi maso angawa, ndipo ndikumudziwa. Chaka chatha tinachedwa, n'chifukwa chake. Chaka chino tidzalawirira akabawi asanadzuke."

Mpalasa analankhula mwachidule. "N'zoona, sindinatsogolerepo," anatero. "Chimene ndachita moyo wanga wonse ndi kuima pambali pa bambo n'kumayang'ana kumwamba. Kabawi sagona utsi ukufuka. Kulupsa ine sindidzakutengerani."

Pobwerera Nankhoma anapukusa mutu. "Mwana uja akudziwa chiyani? Analamulirapo ngakhale khola limodzi? Mpando si woseweretsa, umafuna wodziwa."

"Achemwali, chaka chatha munati ntchito umaidziwa ukuigwira."

"Chaka chatha ndi chaka chatha."

"Wodziwa analipo, inu munati wakalamba. Lero kwabwera wamiyendo yosatopa, mukuti ndi mwana. Nanga wa banja lija amene mungamuvotere akhale wa msinkhu wanji?"

"Iwe, wayamba mwano masiku ano," anatero Nankhoma, n'kufulumiza kuti asayendenso naye.

Tsiku lachisankho, atambala awiri anaima atafulatira. Nanyoni anauyamba ndi anapiye ake atsopano, ndipo atafika pakati pa bwalo kutetera kunasiyanso. Pansi panali tinjere ta mawere tenitweni, koma sanatijomphe. Ena anamuseka, ena anamutcha mkazi wa obwera, ndipo Nankhoma anafulatira ngati sakumudziwa. Iye anangopitirira mpaka anakaima kumbuyo kwa Mpalasa.

Anayang'ana mumzere wa zofiira kuti mwina mathadzi amene anataya ana palupsa amutsata. Awiri anasuntha phazi. Kenaka anajompha pansi.

Bakha anayenda, n'kubwerera, n'kulengeza kuti wapambananso ndi Chiyaka. Mpalasa atatembenuka anapeza abale ake ochepa aja, ndipo pakati pawo nthenga zofiira. Anamuyang'ana Nanyoni kanthawi.

"Mwasochera, mayi?" anafunsa.

"Ayi, bambo. Ndinasochera chaka chatha."

Osaka mbewa atatenthanso tchire, Chiyaka analira m'mamawa, ndipo nkhuku zinamutsata. Nanyoni anatenga ana ake n'kulowa nawo pansi pa chitsamba chaminga pamene banja la Mpalasa linkafukula chiswe. Fungo la ziwala zopsa linkafika mpaka pamenepo, ndipo anapiye anayamba kudandaula.

"Amayi, anzathu akudya zowotcha, ife chiswe?"

"Idyani," anatero Nanyoni. "Ndipo wotuluka kunja kwa mingayi aona chimene ndimuchite."

Dzuwa litakwera anamva kulira kuchokera kulupsa. Mpalasa anatuluka, anakwera pamtondo wosweka uja, n'kulira mokweza kuti othawawo adziwe kolowera. Nkhuku zinabwera imodziimodzi, nthenga zili phulusa lokhalokha. Chiyaka anafika woyamba, mchira utathothoka, ndipo anangokalowa m'khola.

Nankhoma anafika pomalizira. Anapita ndi anapiye ambiri, koma anabwera yekha. Anaima kunja kwa chitsamba n'kumaitana ana ake mmene thadzi limaitanira, ngakhale kuti anaona ndi maso ake kumene anapita. Kenaka anaona Mpalasa akutsika pamtondo.

"Ha, mwana wanga," anatero akusisima, "bambo ako akadakhalapo, zoterezi sizikadachitika."

Mpalasa sanakweze mawu. "Analipo, mayi," anatero. "Anaima pabwalo paja atafulatira, akukudikirani. Inu munawadutsa."

Nankhoma anazolika mutu. Nanyoni anasendera pambali kuti mkulu wakeyo alowe pansi pa minga. Kenaka anatambasula mapiko, ndipo anapiye ake analowa, onse, osasowa ngakhale mmodzi.

Phunziro: Pali ovota amene amayamba ayang'ana mtundu wa munthu, kenaka n'kufunafuna chifukwa chomukanira. Akakhala wodziwa ntchito amati wakalamba, akakhala wamphamvu zake amati ndi mwana, pamene wa mtundu wawo amamukhululukira zonse, ngakhale kulephera kwake amakutcha luso. Muyeso umene mwayezera wina, yezerani womwewo mnzakeyo, ngakhale anansi akuyang'aneni. Ndipo ngati munamukana munthu ali moyo, musadzavutitse ana ake ndi mayamiko pamaliro.