Mkamwini Amene Ankangodya Theka

Kalekale, agogo a agogo ako asanamere mano, kunali mwamuna wina dzina lake Kaphwiti. Anakwatira Nachisale, nakakhala chikamwini kwao kwa mkaziyo.

Pakamwa munthuyo anali katswiri. Koma manja lende, kudya kokha ndiye osamupeza.

Chilimwe chitafika, apongozi ake anamuonetsa munda. Munda wa ngodya zinayi, mbali zonse zofanana. Anamupatsanso lichero lodzaza ndi mtedza woswa kale. Anayankhula atayang'ana kumbali, monga achitira apongozi.

"Bambo, iyi ndi mbewu, tilibenso ina. Mubzale munda wonsewu, ngodya mpaka ngodya. Mukatero ndinu wa pano. Mukalephera, banja latha."

"Zazing'ono izi, amayi," anatero Kaphwiti.

Ananyamula lichero lija nakaliika m'kamsasa ka kumunda, kudikira mvula.

M'mawa mwake anangogwira khasu pang'ono, msana wayamba kale kudandaula. Analowa m'kamsasa. Lichero lili apo, lozungulira bwinobwino, lopanda ngodya, mtedza uli tho!

Anausalaza mtedzawo. Analemba mzere ndi chala, kuchokera m'mphepete, kudzera pakatikati, mpaka m'mphepete mwina. Magawo awiri ofanana. Ndiye anaimba:

"Theka langa, theka la munda,
Wodya theka samaliza kanthu!"

Phale pamoto. Kukazinga, kukukuta, kumwera madzi.

Atatha anabalalitsa wotsalawo m'lichero monse.

"Eee, ukadali wozungulira ngati kale. Palibe chachoka."

Chitsiru chimenecho! Ngati kuzungulira ndiko kumamera.

Madzulo Nachisale anafunsa, "Mbewu ija ili bwino, bambo?"

"Ilipo, mkazi wanga. Ndimaiona tsiku ndi tsiku."

Kutacha, khasu pang'ono, msana wadandaula. Mzere pakatikati. Magawo awiri ofanana.

"Theka langa, theka la munda,
Wodya theka samaliza kanthu!"

Tsono tandiuza, mwanawe. Utenge chigumu, udule pakati. Utenge chidutswa chimodzi, udulenso pakati. Chimene wagwiracho n'chiyani? Eya, gawo limodzi mwa magawo anayi. Iwe wadziwa, mwana wa dzulodzuloli. Kaphwiti ndi ndevu zake zonse zija, ayi. Kwa iye theka ndi theka basi.

Posakhalitsa pansi pa lichero panayamba kuonekera. Kaphwiti sizinamusangalatse. Anakhuthulira mtedzawo m'nsengwa, popeza nsengwa ndi yaing'ono.

"Yadzaza! Yozunguliranso!"

Mzere pakatikati, phale pamoto.

Nsengwa itamukulira, anakhuthulira m'chikho. Chikho chitamukulira, anakhuthulira m'dzanja. Nyimbo yokha ndiyo sinkachepa. Paja amati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kenaka mvula inagwa, nthaka inanunkhira. Akamwini anzake anatuluka mbandakucha, mbewu m'madengu. Kaphwiti anatambasula dzanja.

Njere imodzi. Imodzi yokha.

Munthu wamanyazi akanalira pomwepo. Akanathamanga kwa abale ake kukapempha mbewu nthaka ikadali yonyowa. Koma Kaphwiti anaiyang'ana njereyo, mate kudzaza m'kamwa. Ukudziwa mtedza, ukautikita ndi zala umagawika pawiri wokha.

"Theka langa, theka la munda..."

Theka m'kamwa. Theka linalo anakalikwirira pakati pa munda, nakhala pansi kudikira kuti limere. Mtedza wosweka n'kumera? Nyerere zinabwera, zinaufukula, zinapita nawo.

Minda ya anthu inabiriwira. Wa Kaphwiti, ngodya zonse zinayi udzu wokhawokha.

Nachisale anapita kumunda kuti akathandize kupalira. Anayang'ana uku, anayang'ana uko. Analowa m'kamsasa. Lichero mbee, nsengwa mbee, phale lokha lakuda bii.

"Bambo, mbewu ya amayi ili kuti?"

"Ine sindinamalizepo, mkazi wanga. Nthawi zonse ndinkasiya theka."

Nachisale mtima unamupweteka, misozi ya mkwiyo inatsika. Mbewu imeneyo amayi ake anaisunga chaka chonse, ndiwo zikusowa, osatapako n'kamodzi komwe.

Anabwerera kumudzi. Anapinda mphasa ya Kaphwiti, anaimanga ndi luzi, anaiika panja. Mudzi wonse unatuluka kudzaonerera.

Kaphwiti anagwada.

"Mkazi wanga, tiyeni timvane. Bwanji chaka tizichigawa pakati? Theka ndizikhala kwathu, theka kuno."

"Iyayi, bambo," anatero Nachisale. "Mupite wathunthu. Kuno musasiye theka."

Anapita, mphasa pamutu, ana akumukuwiza mpaka kumtsinje.

Ndiye iwe mwanawe, munthu akakuuza kuti wasiya theka, uzimufunsa kuti, "Theka la chiyani?" Theka la lichero limabzala munda, theka la njere ndi chakudya cha nyerere.

Kaphwiti ine sindimumvera chisoni n'pang'ono pomwe, ndipo nthano yangayi yathera pomwepa.