Yotamu ndi Ndiwo za Mbuzi

Mukamva akulu akutchula mbewa ya manyazi, dziwani kuti nkhaniyi inayambira pakhomo pa Yotamu. Mkuluyu anabwera kuchokera ku migodi ya ku Joni ndi zinthu ziwiri: matama, ndi chifuwa chosatherapo.

Iye ankadya nyama ya m'chitini, soseji ndi zokazinga basi. Akaona mayi Nasibeko, oyandikana nawo nyumba, akuthyola chisoso, ankaseka pagulu.

"Mayi, musamalizetu udzuwo, mbuzi zidya chiyani?"

Chifuwa chija chitakula, mpaka kukwera kachitunda ka kutchalitchi kokha n'kumapuma ngati wathamanga, anapita kuchipatala. Dokotala sanamubisire.

"Fumbi la kumgodi linawononga kale mapapo anu. Mankhwala ndi awa, koma muchepetse zam'chitinizo. Masamba, nyemba ndi zipatso zithandiza thupi kulimbana ndi matendawa."

Yotamu anabwerera kwawo mutu uli pansi. Dimba la masamba ndi mapapaya m'mudzimo linali la Nasibeko. Akayambira pati kupempha? Zimene anamva kuchipatala sanauze ngakhale mkazi wake. Ankangosuzumira dimbalo pampanda, manyazi akumudya kuposa chifuwa.

Nasibeko ankamva kutsokomola kuja tsiku ndi tsiku, ndipo chisoni chinawagwira. Tsiku lina anabwera ndi mbale ya chisoso chotendera ndi papaya wakupsa. Mwatsoka, anapeza Yotamu ali pakhonde ndi anzake a bawo, omwe aja ankaseka nawo.

"Bambo, ndati mulaweko, mwina mungapezeko mphamvu."

Fungo la nsinjiro linamufika, malovu n'kudzadza m'kamwa. Anayang'ana mbale, anayang'ana anzake.

"Kapatseni mbuzi, mayi," anatero ndi mawu osamveka bwino.

Palibe anaseka. Nasibeko anavundikira mbale yawo n'kubwerera, ndipo Yotamu sanayerekezenso kuyang'ana kumpanda kuja. Chisanu cha chaka chimenecho chinamupeza wofooka, ndipo anamwalira asanaone kutha kwake.

Pamaliro, dokotala uja ataulula malangizo aja, Nasibeko anapukusa mutu.

"Amuna anga akamafukiza mbewa kuuna, yotuluka mwina imapulumuka. Yochita manyazi kuonekera imatsamwa ndi utsi momwemo, khomo lili pululu."

Ndiye chake timati, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tanthauzo lake ndi loti wobisa vuto lake poopa kusekedwa amavutika, mwinanso kufa kumene, chithandizo chili pakhomo pomwepo. Kusekedwa kumatha, ana inu, koma kumanda sabwererako.