Fulashi ya bambo a Ndaziona

Panali mayi wina amene ankakhala m'nyumba za lendi zogundizana zija, zoti wina akayetsemula uku, wa kuseri kwa khoma amva. Mayiyu ankagwira ntchito yotayipa ndi kusindikiza makalata pashopu ina kumsika.

Loweruka lina m'mawa, akusita zovala za mwana wake, anamva aneba akukangana.

"Bambo a Ndaziona, zithunzi za amayi anga zili kuti?" anatero mkazi.

"Tadekhani kaye," anayankha mwamuna. "Iyi ndi Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Ndi yaulere. Laputopu yokalamba ngati iyi imathamanga nayo."

"Ithamange kupita kuti? Amayi ali kumanda. Nkhope yawo inatsala m'menemo mokha, lero mwaisowetsa!"

Kenako mwamuna uja anati, "Apa akuti ndiyilowetseretu. Mwina ndikadina, zonse zibwerera."

Mayi wosita uja anaimika simbi, n'kuthamanga wopanda ndi patapata yemwe. Analowa osaodira.

"Aneba, chotsani chala pamenepo!"

Anayang'ana pasikirini. Makinawo anali kufunsa m'Chingerezi ngati afufute zonse zili m'kati kuti Linux ikhalemo yokha. Bamboyo sanawerenge. Anazolowera kungodina, kungodina mpaka mafunso athe. Pambali pa laputopu panali patatsomekedwa fulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta, imene mnzawo wa kuntchito anawapatsa.

Mayiyo anathimitsa laputopu, anazula fulashi ija, n'kuyatsanso. Onse atatu anadikira. Mayi a Ndaziona anali atagwira pakamwa. Pang'ono ndi pang'ono zakale zinabwerera, ndipo pomwepo pasikirini anatulukira malemu aja, duku lobiriwira kumutu, atanyamula Ndaziona ali wakhanda.

Mayi a Ndaziona anangokhala pansi, misozi mbwembwembwe, uku akuseka.

"Linux yanuyi inali mufulashimu," anatero mayi wosita uja. "Inali ngati mlendo amene wangokhala pakhonde. Mukanadina paja, ikanalowa m'nyumba n'kutaya katundu yense."

Bamboyo anapukuta thukuta. "Ndiye ndingoisiya?"

"Ayi, ndi yabwino. Kushopu timagwiritsa ntchito Linux yomweyo. Koperani kaye zithunzizi, musunge kwina. Ndiye muziyatsira pafulashi pomwepa. Lero phunzirani kulemba kalata basi. Mawa kuyika nyimbo. Mukakumana ndi mawu osawamva, musadine. Gogodani khomali."

Inunso amene mukufuna kuphunzira zimenezi, mvetserani. Ife amayi tikamayambitsa mwana phala, sitimuchotsa kubere tsiku lomwelo. Timamupatsa kasupuni kamodzi, n'kuona mmene m'mimba mwachitira. Mawa tiwiri. Linux nayonso ilaweni ili pafulashi, zakale zikadali m'malo mwake. Zimene simungazipezenso zikatayika, zisungeni padera musanakhudze kalikonse. Makina akakufunsani funso, werengani mpaka kumapeto. Ndipo amene anayamba kale alipo, mwina khoma lokha ndi limene lakulekanitsani. Afunseni chala chisanatsike.

Mayi uja atabwerera kwake anapeza makala a m'simbi atazima. Akuwakoleza, anamva makapu akugundana kuseri kwa khoma.

"Chinangwa chazizira," anatero mkazi.

"Bweretsani chomwecho, mayi a Ndaziona."

"Sambani m'manja kaye, akatswiri. Makamaka chala chodinira chija."

Mipando iwiri inakokedwa, ndipo anayamba kudya.