Mbuzi ya Pepala la Magazi

Kalekale, chaka chimene chipatala cha mishoni chinagula pulinta yatsopano, a Kamphinda, mkulu wa ofesi, anandilakwira. Ine ndinali mlonda wa pageti.

Lamulungu lina masana anabwera ndi mayi pangolo, atangobereka, magazi akutayika. Magazi omupatsa analipo m'firiji, koma thumba silinkatuluka popanda pepala lotsimikiza kuti akugwirizana ndi a wodwalayo. Pepalalo linkachokera m'kompyuta yakale ya ku labu, ya galasi lakuda, yomva pokhapokha uilembere mawu ake. Pulinta yake inali itafa. Yatsopanoyo inkalandira ntchito kudzera pa netiweki, koma pulogalamu yakale inkangodziwa chingwe cha kumbuyo kwake.

Mayi Nasibeko a ku labu anayeza magazi, nalemba mawu aja limodzilimodzi. Kompyuta inavomera. Pepala osatuluka.

"Mayi uja akuzizira!" namwino anakuwa pakhomo. "Mukuchitanji kumeneko?"

Lufeyo, wokonza makompyuta, anathamanga kuchokera kutchalitchi ali chivalire tayi. Analemba mzere umodzi wouza kompyuta kuti zonse zopita kuchingwe chakale zizikhotera ku pulinta yatsopano.

"Zapita," anatero. Kenaka anagwira mutu. "Mayo! Pulintayo ili mu ofesi ya a Kamphinda."

Ofesi inali yokhoma. Eni ake anali kuukwati ndi makiyi m'thumba, foni osayankha. Ndinasuzumira pawindo, pepala ndikuliona lili phee m'kati.

"Madala, musayerekeze, akuchotsani ntchito," anatero Lufeyo.

Ndinamenya galasi ndi chibonga, n'kulowetsa mkono. Unang'ambika mpaka m'chigongono, koma pepala ndinalitulutsa. Mayi uja anachira.

Mwamuna wake anabwera ndi mbuzi imodzi, nati, "Iyi ndi ya amene anapulumutsa mkazi wanga." Nasibeko anati popanda kuyeza kwake pepala likanakhala loyera. Lufeyo anati popanda mzere wake silikanatuluka. Ine ndinangoonetsa mkono.

Tili mkati mokangana, a Kamphinda anati mbuzi ndi ya ofesi, poti pulinta ndi ya ofesi. Anaidya kwawo. Ine anandichotsa ntchito chifukwa cha windo. Pambuyo pake a Kamphindawo anamwalira ndi matenda a shuga, atadulidwa mwendo.

Iwowo asiyeni, anapita. Koma inu tandiuzani: mwa atatufe, woyeza, wokhotetsa njira, ndi woswa windo, mbuzi ija inali ya yani?