Ufa wachikasu m'khola la nkhuku

Khola la nkhuku linali kuseri kwa nyumba, ndipo mwini wake, bambo wosakhazikika ngati wakhalira nyerere, ankangolowa ndi kutuluka tsiku lonse. Mazira ake ambiri ankagula ndi mlamu wake, mayi wophika makeke aukwati.

Tsiku lina mayiyu anaswera dzira m'mbale iye akuona, n'kukwinya nkhope.

"Alamu, taonani chikasu chake, mbuu! Ine ndinawerenga kuti ngakhale Angerezi, dzina la pakati pa dzirapa analitenga ku mawu awo akale otanthauza mtundu wachikasu. Nanga zanuzi tizitchule chiyani? Keke ikumatuluka yotuwa. Zikapanda kusintha ndizikagula kwina."

Mawuwo anamulasa mtima, poti mlamuyo akachoka ndiye kuti msika wathera pomwepo. Mtendere unamuthawa. M'mawa uliwonse ankaswa dzira, kuliyang'anitsitsa, n'kuusa moyo, kenaka kuswanso lina. Mkazi wake anatopa nako kukazinga mazira oswedwa popanda chifukwa.

"Bambo, mlangizi wa ziweto ali pafupi pompa. Osangomufunsa bwanji?"

"Ine ndinayamba kuweta nkhuku iyeyo asanamere mano. Andiuza chiyani?"

Anavala jekete n'kulunjika kusitolo ya zipangizo zomangira, kumene anagula ufa wachikasu wopangira utoto. Nzeru zake zinali zakuti cholowa kukamwa chili chachikasu chidzatulukanso chachikasu. Wogulitsayo atafuna kudziwa khoma lomwe akukapaka, iye anangoti, "Inu kulungani." Atafika kunyumba anauthira m'chakudya cha nkhuku, mosaumira, n'kuvundula ndi fosholo uku akuimba mluzu.

Posakhalitsa nkhuku zinazolika mitu, mapiko ali lendee. Kuikira kunatha. Zitayamba kugwa imodziimodzi, mkazi wa bamboyo anathamanga yekha kukaitana mlangizi, mwamuna wake akungozungulira khola manja ali kumutu.

Mlangiziyo anafukula chakudyacho ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Achikulire, uwu ndi poizoni. Mukanangozipatsa masamba obiriwira ndi chimanga chachikasu, mazira akanasintha okha. Zakufazi mukwirire, ndipo dzira lililonse la m'kholamu musagulitse, musadye."

Bamboyo anayang'ana kumpanda. Zinamuwawa kwambiri kuti masambawo ankamera okha m'mbali mwa mpanda wake womwewo. Anakumba dzenje misozi ikulengeza, mkazi wake akumutulira nkhuku pawilibala.

Akuluakulu sankalota ponena kuti safunsa anadya phula.